KHASU, MIYENDO NDI NTHENDA YA SHUGA

Tsiku la 14 Novembara ndilo lokumbukira nthenda ya shuga pa dziko lonse lapansi. Ndilo tsiku limene anabadwa Frederick Banting, amene pamodzi ndi Charles Best anapeza mankhwala a insulini ku Toronto m'caka ca 1921. Masiku omwewo anthu a ku Chongwe ali m'minda, pakuti mwambo wa Asoli wa Chakwela Makumbi, wopemphera mvula, wapita kale. Ziwirizi zikomana bwino, popeza kwa wodwala shuga khasu liri mankhwala ndithu.

1. Cocitika m'thupi

Nsima ikafika m'mimba isanduka shuga, amene alowa m'mwazi. Kapamba aturutsa insulini, ndiyo itsegulira shugayo njira yolowera m'minofu. Mwa akuru ena, makamaka onenepa pamimba, minofu ileka kumvera insulini. Tsono shuga acuruka m'mwazi, naononga pang'ono pang'ono maso, impso, mtima ndi mapazi. Koma minofu ikagwira nchito imwa shuga monga nthaka youma imwa madzi, ndipo ikhala yomvera insulini tsiku limodzi kapena awiri.

2. Pobisala ngozi

Mlimi akhetsa thukuta kuyambira pobzala kufikira pokolola. Cimanga cikalowa m'nkhokwe apacika khasu, nakhala pamthunzi miyezi yambiri, nsima ndi munkoyo zosasowa. Winanso alawira pa basi kunka ku Lusaka, nakhala pampando tsiku lonse m'sitolo kapena m'ofesi. Onse awiri aiwala kuti thukuta silisungika m'nkhokwe: la mu Januwale silithandiza mu Ogasiti.

3. Muyeso wace

Bungwe la World Health Organization lilangiza akuru kugwiritsa thupi nchito mphindi 150 pa sabata, ndiko kuti mphindi 30 masiku asanu. Wodwala asadumphitse masiku oposa awiri. M'caka ca 2002 madokotala a ku America anaonetsa kuti mwa anthu oyandikira nthendayi, amene anasunga muyesowu ndi kucepetsa kunenepa, kudwala kunacepa ndi magawo 58 mwa 100.

Sipafunika ndalama. Kuyenda mofulumira, kupalasa njinga, kuthirira dimba, kutunga madzi, kunka wapansi ku mapemphero, zonsezi ziwerengedwa. Liwiro loyenera ndilo lakuti munthu apume msanga, koma akhoze kulankhula ndi mnzace. Kuyenda pang'ono atatha kudya kuposa kugona pamphasa.

4. Macenjezo

Wosazolowera ayambe ndi mphindi 10, atafunsa a kucipatala. Asayende wopanda nsapato, ndipo madzulo ali onse ayang'ane mapazi ace. Pakuti phazi la wodwala shuga nthawi zina silimva munga, ndipo kabala kakang'ono kakhoza kudulitsa mwendo. Wobaya insulini, ndi wakumwa mapiritsi ena, atenge kanthu kozuna m'thumba. Akamva kunjenjemera, cizungulire kapena thukuta lozizira, aime, adye. Kukamuwawa pacifuwa aleke pomwepo, nafulumire kucipatala. Ndipo asataye mankhwala poona kuti wapeza bwino.

Nkhalamba siikonda kuyenda yokha. Cifukwa cace mdzukulu woperekeza agogo ace madzulo, ndi mnansi wodzera mnzace m'mamawa, acita nchito ya cifundo yosacepa poyerekeza ndi kuzonda odwala. Pakuti kuperekeza munthu panjira lero kuposa kumzonda pamphasa mawa.