Mau Akuti "Nchito" ndi "Mphamvu" m'Phunziro la Sayansi

Mabuku ambiri a sayansi ocokera kunja amapereka citsanzo ca mwana wotsetsereka pa cipale cofewa. Ana athu sanacionepo cipaleco. Cimene amacidziwa ndi cileyi cokokedwa ndi ng'ombe, ndipo masamu ake ndi amodzimodzi. Yambirani pamenepo.

Cobvuta cacikulu cili m'mau. Pa Cinyanja, mai amene waima ndi mtsuko pamutu ali pa nchito. Mu sayansi sanagwire nchito iriyonse pa mtsukowo, cifukwa sunasunthe. Nchito ya mu sayansi ndi kukoka kapena kukankha kuculukitsa ndi mtunda umene cinthu cayenda kulowera komwe cikukokedwa. Liu lakuti "mphamvu" ndiye losokoneza koposa, pakuti ife timalichula ponena za kukoka kwa ng'ombe, ndiponso za cimene cinthu cimakhala naco cikamayenda. Ine ndimakonda kusiyanitsa motere: "kukoka", koyesedwa m'manyutoni, ndi "nyonga ya kuyenda", yoyesedwa m'majulo. Dzina la muyeso waciwiriwu linacokera kwa James Prescott Joule wa ku England (1818-1889).

Taonani funso ili. Cileyi pamodzi ndi matumba a cimanga cikulemera makilogalamu 200, ndipo caima. Ng'ombe zikucikoka pa malo athyathyathya ndi manyutoni 1,000 kwa mamita 5. Kukwecana kwa cileyi ndi nthaka kukubweza m'mbuyo ndi manyutoni 980. Kodi liwiro lake lidzakhala lotani pothera pa mamita 5?

Nchito ya ng'ombe: 1,000 × 5 = majulo 5,000.
Yotayika pa kukwecana: 980 × 5 = majulo 4,900.
Yotsala: majulo 100.

Yotsalayi ndiyo yasanduka nyonga ya kuyenda. Nyongayi timaipeza potenga theka la kulemera, kuculukitsa ndi liwiro, kuculukitsanso ndi liwiro. Theka la 200 ndi 100; conco 100 × liwiro × liwiro = 100, ndipo liwiro ndi mita imodzi pa sekondi.

Ophunzira ambiri amaiwala mzere waciwiri, nayankha ngati kuti nchito yonse ya ng'ombe yapita ku liwiro. Musawapatse yankho msanga. Afunseni kumene majulo 4,900 apita. Wina adzachula mikwasa imene cileyi cimasiya mumseu, wina kutentha kwa mitengo yake ya pansi. Lembani mayankhowo pa bolodi m'mau a anawo, kenaka asinthe mamita 5 kukhala 20 ndi kuwerengeranso okha.