Mnzanu Akayamba Kujomba

Pa tchuthi chapitachi ndinakumana ndi mnzanga wina pa msika wa Chezi, m'mbali mwa msewu wa ku Salima, akuthamangira minibasi ndi mbale ya tomato. Tinkakhala desiki imodzi ku pulayimale. Iye anasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera kwathu ku Dowa konko, koma analekezera Folomu 2.

Titacheza, ndinaona kuti sukulu sanaisiye tsiku limodzi. Poyamba ankajomba tsiku la msika lokha. Mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chitatha m'nkhokwe, anayamba ganyu m'minda ya eni kuti apeze ufa, ndipo m'kalasi ankangosinza. Manotsi analeka kulemba. Pofika nyengo yosankha fodya anali atajomba milungu itatu, manyazi n'kumuletsa kubwerera. Palibe amene anamulondola kwawo.

Anzanga, zizindikiro zotere amayamba kuziona ndi wokhala naye pafupi, ahedi amamva mochedwa. Mnzanu akasowa masiku atatu, pitani kwawo sabata yomweyo, mumutengere manotsi. Ngati vuto ndi ndalama, auzeni aphunzitsi a kalasi kuti amufunsire thandizo ku khonsolo ya boma. Akakhala mtsikana woyembekezera, makolo ena sadziwa kuti kuyambira 1993 boma limalola kuti abwerere kusukulu akabereka. Kawafotokozereni mwaulemu.

Mnzanga uja ndamulonjeza mabuku anga a Folomu 2, ndipo wavomera kuti tikaonane ndi ahedi ake sukulu zisanatsegulidwe.