Khutba ya Lachisanu: Chuma cha Abale ndi Mahari a Mkazi

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi Maswahaba ake. Abale anga m'Chisilamu, ndikudzilangiza ndekha ndi inu kuti tiope Allah.

Lero titenga phunziro kwa anthu akutali. Kum'mawa kwa dziko la Indonesia, m'chigawo cha Papua, pafupi ndi mzinda wa Jayapura, kuli mtundu wa Atobati. Iwo ndi asodzi, ndipo nyumba zawo zimamangidwa pa mizati pamwamba pa madzi a Youtefa. Mbumba imatsata kuchimuna. Mnyamata akafuna kukwatira, abale ake amasonkha chuma: mikanda yamakedzana, nkhwangwa zamwala, ndipo masiku ano ndalama. Chumacho chimapita kwa abale a mkazi, iwo n'kugawana.

Atobati ambiri ndi Akhristu, koma mu Jayapura muli Asilamu ochuluka. Tiyerekeze kuti banja la Chitobati lalowa Chisilamu, ndipo mwana wawo wamkazi akukwatiwa ndi Msilamu. Kodi mikanda ndi nkhwangwa zija ndiwo mahari?

Ayi. Mu Surat An-Nisaa, ndime 4, Allah akulamula kuti akazi apatsidwe mahari awo ndi mtima wabwino, ndipo palibe angadyeko pokhapokha mwini wake atapereka mwakufuna kwake. Mahari ndi a mkwatibwi. Si a bambo ake, si a amalume ake. Choncho ngakhale abale atalandira chuma chodzaza bwato, ngati mkaziyo sanapatsidwe chake, mwamunayo akadali ndi ngongole.

Nanga mwambowo utayidwe? Iyayi. Maulama adakhazikitsa lamulo lakuti chizolowezi cha anthu chimalemekezedwa ngati sichikusemphana ndi Shariya. Mphatso yogwirizanitsa mabanja awiri, yoperekedwa mwa mtendere, ndi yololedwa. Imasanduka yoipa ikameza mahari, ikakwezedwa mpaka mnyamata kulephera kukwatira, kapena ikachititsa makolo kukakamiza mtsikana chifukwa chuma chadyedwa kale. Imam Bukhari adalemba nkhani ya Khansa bint Khidham, amene bambo ake adamukwatitsa iye asakufuna. Atakadandaula, Mtumiki (SAW) adathetsa ukwatiwo. Adalembanso za Swahaba wosauka amene adauzidwa kuti akafune ngakhale mphete yachitsulo. Ataisowa, adakwatitsidwa ndi ma Surah amene adawaloweza pamtima.

Asilamu a ku Indonesia, monga ambiri a ife, amatsata Imam Shafi'i. Kwa iwo ndi kwa ife, nikaah imaima pa mkwati ndi mkwatibwi, wali wa mkazi, mboni ziwiri zolungama, ndi mawu opereka ndi olandira. Lamulo la maukwati la dzikolo la 1974 limanenanso kuti ukwati ndi wovomerezeka ukamangidwa motsata chipembedzo cha okwatiranawo. Mwambo wa mudzi ungachitike, koma sulowa m'malo mwa nikaah.

Akapolo a Allah, nkhani ya Atobati itikumbutse za pakhomo pathu. Ifenso tili ndi ankhoswe, tili ndi chiwongo. Ankhoswe ndi dalitso, pakuti amayanjanitsa banja likagwedezeka. Koma inu abambo ndi amalume, dzifunseni: mahari a mwana wanu ali kuti? Kodi adawagwira m'manja mwake, kapena adathera pa mpunga wa tsiku la ukwati? Ngati mudadya iye asanalole, bwezani kapena mupempheni akukhululukireni, lisanafike tsiku lachiweruzo. Ndipo inu amuna amene mudalonjeza mahari n'kukhala chete zaka ndi zaka, perekani.

Tikupempha Allah adalitse mabanja athu, afewetsere achinyamata athu ukwati, ndipo atikhululukire machimo athu. Aameen.