Musanasinthe Njira Yothandizira Makasitomala, Khalani Nawo Pansi

Munthu amene akufunafuna thandizo pa foni kapena kompyuta amakhala kuti zinthu zamuvuta kale. Pasiwedi yakana, ndalama zachoka koma sizinafike, pulinta yangoti zii pomwe abwana akudikira kalata. Mtima uli m'mwamba. Ndiye afike pamene anazolowera kupezapo thandizo, n'kupeza kuti zonse mwasuntha! Ngati mwapatsidwa ntchito yokonzanso mmene kampani kapena ofesi yanu imathandizira anthu pa zaukadaulo, kaya ndi pa app, pa WhatsApp kapena pa nambala yoimbira, tsatani izi.

Yambani ndi zimene muli nazo kale. Tengani madandaulo a miyezi itatu yapitayi, muwawerenge limodzilimodzi, n'kuwaika m'magulu. Muona kuti mafunso ochepa okha ndi amene amabwera mobwerezabwereza. Lembaninso mawu enieni a anthuwo. Kasitomala sanena kuti seva yasiya kuyankha. Amati "netiweki yathawa" kapena "ikungozungulira". Mawu amenewo ndiwo ayenera kukhala pa mabatani ndi pa mitu ya mayankho.

Kenako funsani anzanu amene amayankha mafoni tsiku lonse. Iwowa amadziwa pamene anthu amasokonekera kuposa aliyense, koma kawirikawiri amangouzidwa zinthu zitasinthidwa kale.

Tsopano tafika pa gawo limene ndikupemphani kuti musalidumphe, ngakhale nthawi ichepe bwanji. Itanani anthu asanu amene amagwiritsadi ntchito zinthu zanu. Asanu okha. Jakob Nielsen, katswiri wa ku Denmark wofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito makompyuta, analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumavumbula pafupifupi magawo 85 pa 100 a mavuto, ndipo ndi bwino kuyesa kangapo ndi anthu ochepa kusiyana ndi kuyesa kamodzi ndi chikhamu. Musasankhe achinyamata odziwa makompyuta okhaokha. Pakhale wachikulire, pakhale amene Chingelezi chimamuvuta, pakhale wa foni yaing'ono yosweka galasi. Ayesere pa foni yawo ndi bandulo yawo, osati pa kompyuta ya muofesi yokhala ndi intaneti yothamanga.

Musawafunse kuti, "Mwazikonda?" Ife timalemekeza amene watiitana, ndipo ayankha kuti zili bwino kwambiri ngakhale asanamve kanthu. M'malo mwake apatseni ntchito: "Tiyerekeze kuti mwaiwala pasiwedi. Pezani thandizo." Mukatero khalani chete, manja kumbuyo. Apa ndi povuta, chifukwa chala chimayabwa kufuna kuwalozera. Tsiku lina ndinakhala pambali pa mayi wina wogulitsa nsalu, akuyesa app ya kampani ina. Okonza anali atachotsa mawu akuti "Thandizo" n'kuikapo kachithunzi ka mahedifoni. Chala cha mayiwo chinadutsa pa kachithunziko katatu konse, osakadina. Nditawafunsa pamapeto anati, "Mwanangu, ndimayesa ndi ka nyimbo." Palibe fomu ya mafunso imene ikanatiuza zimenezo. Lembani pamene aima, pamene abwerera m'mbuyo, pamene apuma mozama. Konzani, muitane asanu ena.

Chenjerani kwambiri ndi kuchotsa chinthu chimene anthu anachizolowera. Microsoft itatulutsa Windows 8 mu 2012, inachotsa batani la Start limene anthu analidziwa kuyambira pa Windows 95. Anthu analira, ndipo batanilo linabwerera mu Windows 8.1 chaka chotsatira, pomwe mndandanda wake wonse unadzabwerera mu Windows 10 mu 2015. Nayonso Snapchat itasintha maonekedwe a app yake, anthu oposa 1 miliyoni anasaina chikalata mu 2018 chopempha kuti zibwerere mwakale, ndipo kampaniyo inakonzanso zina pasanathe miyezi yambiri. Ngati makampani a ndalama zotere anapunthwa, inu musadzinamize. Nambala yakale ipitirize kugwira ntchito, ndipo mayankho akale, makamaka amene anthu amatumizirana okhaokha, asasowe.

Potsegulira njira yatsopano, musatsegulire onse tsiku limodzi. Yambani ndi kagulu kochepa kapena nthambi imodzi, yakaleyo ikadalipo. Auzeni anthu zisanachitike, m'chinenero chimene amalankhula, kuti chisintha n'chiyani, liti, ndipo akasowa pogwira aimbe kuti. Pewani kumapeto kwa mwezi, pamene malipiro akutuluka ndipo mafoni sakupuma.

Madandaulo abwera ndithu, ndipo apa m'pofunika nzeru. Ena amadandaula chifukwa sanazolowere, ndipo pakatha milungu ingapo amasiya okha. Ena amadandaula chifukwa mwawonongadi chinachake. Kuti musiyanitse, yang'anani zimene anthu akuchita. Kodi oimba kawiri pa vuto lomwelo achuluka? Kodi nthawi yoti munthu athandizidwe yatalika? Kodi alipo amene akuyamba kufunsa n'kusiyira panjira? Manambala amenewa muwalembe musanasinthe kalikonse, apo ayi simudzakhala ndi poyerekezera. Kumbukiraninso kuti olongolola kwambiri si ndiwo onse. Amene wagwa mphwayi salemba kalata yodandaula, amangopita kwa mphwake kuti amukonzere, kapena kwa ena ochita malonda ngati anu. Muimbireni mmodzi kapena awiri mwa amene anangoti zii, mumve chimene chinawabweza.

Pomaliza, bwererani kwa amene anakupatsani maganizo. Auzeni zimene mwakonza chifukwa cha mawu awo, ndi zimene simunathe kukonza, ndi chifukwa chake. Mayi wa nsalu uja anauzidwa kuti mawu akuti "Thandizo" abwerera pansi pa kachithunzi kaja, ndipo ulendo wotsatira anabwera ndi mnzawo wa pamsika kuti nayenso ayese.