Chitsa, Dothi ndi Mano a Makina

Mu Okutobala, pa nthawi ya ntchito ya manja, tidatumidwa kukazula zitsa za bulugama kuseri kwa khola kuti mvula ikamadza malowo akhale munda. Bulugama ngwamakani: ukasiya chitsa chake chimaphukiranso. Choncho padabwera bambo wina wodziwa makina ochekera mitengo otchedwa chainsaw. Ine ntchito yanga idali kukumba mozungulira chitsa ndi kuyeretsa mizu.

Dzuwa lidaswa mtengo ndipo ndidafuna kumaliza msanga. Ndidangopalapasa pamwamba n'kunena kuti, "Bambo, ndatha." Makinawo adalira bwino poyamba, koma pasanathe mphindi imodzi tidaona moto ukuthetheka. Bambo aja adazimitsa injini, natola utuchi n'kundionetsa.

"Taona mwana wanga. Tcheni chakuthwa chimalavula timapalapala. Uwu ndi ufa. Mano onse abuntha."

Tsiku limenelo ntchito idaima, ndipo anzanga onse adadziwa kuti wolakwa ndine. Koma ndidaphunzirapo zimene ndikufuna kugawana nanu.

Tcheni cha makinawa chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi. Mano ake adapangidwira nkhuni, osati dothi. Mchenga ndi wolimba kwambiri, moti dzino lililonse likaukhudza limaperepeseka nthawi yomweyo. Pamene mano abuntha, wocheka amayamba kukanikiza ndi mphamvu. Apo chitsulo chimene tcheni chimayendapo chimatentha, tcheni chimakhwepa, injini imatopa. Mchenga ukasakanikirana ndi oyilo umasanduka phala lonola limene limadya ngalande ya chitsulocho pamodzi ndi kagudumu koyendetsa tcheni. Fumbi nalo limatseka sefa ya mpweya. Kulakwa kumodzi kumaononga ziwalo zinayi!

Palinso ngozi pa moyo. Nsonga ya makina ikagunda mwala kapena muzu wobisika, makinawo amadumphira kwa mwini wake. N'chifukwa chake ife ophunzira sitiloledwa kuwagwira, ndipo timaima patali.

M'mawa mwake tidagwira ntchito motere:

1. Tidakumba ndi khasu ndi piki mpaka mizu ikuluikulu idaonekera mbali zonse, ndi pansi pomwe.
2. Tidapala makungwa, chifukwa ndi mmene mumabisala mchenga, kenaka tidatsuka mizu ndi madzi.
3. Mizu yogona m'dothi tidaidula ndi nkhwangwa. Makina adangodula mizu yoyera yokhayokha.
4. Bambo aja adamangirira tcheni chakale, chatsopano adasunga.
5. Nthawi iliyonse pothira petulo ankanola mano ndi tupa yobulungira, kuona ngati tcheni chakhwepa, ndi kudzaza oyilo wa tcheni. Petuloyo adali wosakaniza ndi oyilo wa injini: mamililita 100 pa malita 5, muyeso wa makina ambiri a masiku ano.

Pofika Loweruka zitsa zisanu ndi chimodzi zidali pamtunda, ndipo tcheni chakale chija chidali chikadadulabe.

Makolo athu amene mumabwereka kapena kuchita hayala makinawa kumudzi, musamulamule wocheka kuti adule chitsa molingana ndi nthaka musanakumbe. Ola limodzi la khasu ndi lotchipa kuposa tcheni chatsopano. Kwa inu anzanga, mukapatsidwa kantchito kooneka konyozeka ngati kutsuka mizu, kumbukirani ufa uja. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika. Ine ndidazimvetsa nditaima pambali pa chitsa, manyazi ali tho!