Kodi gule angalembedwe papepala?

FUNSO: Ndimaphunzitsa ana ingoma ndi chimtali pasukulu ina kuno ku Chiosya. Agogo amene amatiwongolera kaponyedwe ka mwendo akalamba, ndipo ndikuopa kuti luso lawo lidzapita nawo. Kodi ilipo njira yolembera kavinidwe monga timalembera nyimbo za kwaya?
Mphunzitsi, Chiosya, Mchinji

YANKHO: Ilipo, aphunzitsi. Yodziwika kwambiri ndi Labanotation, imene Rudolf Laban anaitulutsa mu 1928. Mumajambula mizere itatu yoimirira, n'kumawerenga kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Mzere wapakati umagawa thupi pawiri, kumanzere ndi kumanja. Maonekedwe a chizindikiro chilichonse chimene mwalembapo amasonyeza kolowera, kutalika kwake kumasonyeza nthawi imene kusunthako kukutenga, ndipo chikadetsedwa chonse pafupi ndi mzere wapakatiwo ndiye kuti wovina wapinda mawondo.

Yambani ndi mapazi okha, mukuwerenga kugunda kwa nyimbo. Ingoma ndiyo yabwino kuyambira, poti kuponda kwake kumaoneka ndiponso kumamveka. Chimtali chidzakuvutani. Moyo wake uli m'chiuno, ndipo kudukula kumafuna zizindikiro zambiri zimene woyamba kumene sangazigwire msanga. Choncho ajambuleni vidiyo agogowo pafoni mwezi uno, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kuti muzidzalemba pang'onopang'ono mukuibwereza. Lembaninso mawu amene iwo amanena powongolera ana.

Gule Wamkulu yekha, ngakhale bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, musamujambule kapena kumulemba musanapemphe chilolezo kwa mfumu ndi akuluakulu a kudambwe.