Luso la Kukambirana ndi Kukhoza Maphunziro a Zachuma ku Sekondale

M'chimangirizo chino ndikufuna kuonetsa kuti wophunzira wa ku sekondale amene amadziwa kufunsa, kumvetsera ndi kutsutsana ndi anzake mwaulemu amamvetsa nkhani za chuma kuposa amene amangowerenga payekha. M'sukulu zathu nkhanizi zimapezeka m'maphunziro monga Business Studies ndi Social Studies, ndipo zimaphunzitsidwa ndi kulembedwa pa mayeso a MSCE m'Chingerezi.

Apa ndi pamene pagona vuto. Wophunzira amaloweza tanthauzo la mawu ngati inflation kapena demand popanda kumva chimene akunena. Komatu yemweyo amadziwa kuti chimanga chimatsika mtengo m'miyezi ya Epulo ndi Meyi anthu akamakolola, n'kukwera mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zikauma. Anaonanso mmene katundu anakwerera mtengo ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chimene chimalumikiza mawu a m'buku ndi zimene amaona pamsika ndi kukambirana. Mnzake akamufotokozera m'Chichewa, iye n'kufunsa pamene sanamve, tanthauzo lija limakhazikika.

Katswiri wa ku Russia, Lev Vygotsky, amene anamwalira mu 1934, anaphunzitsa kuti mwana amatha kuchita mothandizidwa ndi wina zimene sangathe payekha, ndipo chida cha thandizolo ndi chiyankhulo. Tsono wamanyazi amatsalira ngakhale ali ndi nzeru. Ambiri tinaleredwa kuti kukhala chete pamaso pa akulu ndi ulemu, ndipo ena amaopa kusekedwa akaphonya Chingerezi. M'sukulu zambiri zoyendera, kumene buku limodzi amagawana ophunzira angapo, wosayanjana ndi anzake buku salipeza n'komwe. Pajatu safunsa anadya phula.

Sindikunena kuti kucheza pakokha kumakhozetsa mayeso. Gulu lopanda funso loti liyankhe limathera m'nkhani za mpira. Maganizo anga ndi oti aphunzitsi azigawa ophunzira m'magulu ang'onoang'ono, aziwapatsa funso la pamsika weniweni, aziwalola kukambirana m'chiyankhulo chawo, kenako aliyense m'gulumo azipereka yankho m'Chingerezi mosinthanasinthana. Potero wamanyazi adzazolowera kuyankhula, ndipo wolongolola adzaphunzira kumvetsera.